Za Ana Aamuna Ochedwa Kuyenda ndi Kulankhula: Mbiri ya Nthenda ya Fragile X

Ife aphunzitsi a m'midzi tiona zinthu zimene ena saziona msanga, pakuti ana onse a mudzi apita pamaso pathu chaka ndi chaka. Kuno kwa Kapichi, m'dziko la Thyolo, kumene amai ambiri alawira mbandakucha kukathyola tiyi nasiya ana ao kwa agogo, nthawi zina afika pa khomo la sukulu mai wogwira dzanja la mnyamata wa zaka 7, nati, "Aphunzitsi, tandiyesereniko mwanayu. Anachedwa kukhala, anachedwa kuyenda, ndipo kufikira lero mau ache ngowerengeka." Ukafunsitsa, kapena udzamva kuti mwana wa mng'ono wache wa maiyo ali chimodzimodzi, ndi kuti pakati pa amalume a anawo analipo wina amene anakalamba osadziwa kuwerenga ndalama. Pamenepo mudzi wagamula kale mlandu. Ena ati mwini mbumba anakhwimira ana a alongo ache kuti chigayo chache chiyende bwino; ena ati maiyo anachita zosayenera ali ndi pakati; ena ati pfuko lonselo nlotembereredwa. Maukwati atha, abale aleka kupalana moto, ndi mwanayo, wosalakwa kanthu, abisidwa m'nyumba pofika alendo.

Chifukwa chache ndifuna kulongosola mbiri ya nthenda imodzi imene iyenda m'mbumba mwa njira yomweyi, ndi umo anthu anaifunafunira zaka 48 kufikira anapeza muzu wache. Madotolo aicha Fragile X, ndiko kunena, X yosalimba. Tanthauzo la dzinali lidzamveka tikapitirira. Koma ndiyambe ndachenjeza, kuti wina angawerenge izi nayamba kuloza chala ana a anzache. Si mwana ali yense wochedwa ali ndi nthenda iyi, iai. Kwathu kuno ana ambiri achedwa chifukwa cha malungo olowa m'ubongo, kapena kubanika pobadwa, kapena kusowa zakudya zokwanira, kapena kusamva. Koma mwa zochedwetsa nzeru zimene mwana alandira kwa makolo ache monga cholowa, iyi ndiyo yopambana kuchuluka. M'maiko m'mene anawerenga, aipeza mwa mwana mmodzi pa ana aamuna 4,000 kufikira 7,000. Siipatsirana monga chikuku, ndipo siisankha mtundu wa anthu.

Mbiri yache iyamba ku England. Kuyambira kale madotolo a ku Ulaya anaona kuti m'nyumba zosungiramo anthu ochedwa nzeru amuna anachuluka koposa akazi. M'chaka cha 1938 dotolo Lionel Penrose anatulutsa zimene anapeza atapima anthu 1,280 m'nyumba yotere ku Colchester, ndipo kuchuluka kwa amuna kunaonekanso. Koma ambiri anayesa kuti chifukwa chache nchapafupi: mtsikana wochedwa nzeru akhoza kusungidwa kwao nathandiza ntchito za pakhomo, koma mnyamata akakula mphamvu abvuta, ndipo abale amtumiza kutali. Motero funsolo linagona.

Linadzuka m'chaka cha 1943, nkhondo yaikuru yachiwiri ili mkati. Analidzutsa ndi anthu awiri a mu London: James Purdon Martin, dotolo wa nthenda za ubongo pa National Hospital ku Queen Square, ndi Julia Bell wa ku Galton Laboratory, mai wodziwa masamu ndi udotolo pamodzi, amene anabadwa m'chaka cha 1879 namwalira m'chaka cha 1979 ali ndi zaka 100. Ntchito ya maiyu inali kulemba mibadwo ya mabanja, monga achita akuru athu potsata za ufumu, kuti uje anabala uje, ndi uje anabala uje. Awiriwa analemba za banja lina m'mene amuna 11 a mibadwo iwiri anali ochedwa nzeru, makamaka pa kulankhula. Amai ao a amunawo anali anthu abwinobwino, ndiponso anali apachibale. Martin ndi Bell anazindikira kuti chinthucho chidzera mwa akazi ndi kugwera ana aamuna. Koma china chinawazunguza: potsata mzere kumbuyo anafika kwa amuna awiri, mkuru ndi mng'ono wache, amene analibe bvuto looneka, koma adzukulu ao, obadwa mwa ana ao aakazi, ndiwo anali ochedwawo. Ichi sanathe kuchimasulira.

Kuti timve zotsatira, tiyenera kudziwa pang'ono za mapangidwe a thupi. Thupi la munthu limangidwa ndi tizipinda tating'onoting'ono tosaoneka ndi maso, totchedwa maselo, ndipo m'kachipinda kali konse muli timitolo ta malangizo a chibadwa, totchedwa makromozomu. M'chaka cha 1956, ku Lund m'dziko la Sweden, Joe Hin Tjio ndi Albert Levan anatsimikiza kuti munthu ali ndi makromozomu 46, ndiwo awiriawiri 23. Theka lichokera kwa atate ndi theka kwa amai. Mwa awiriawiriwa, amodzi ndiwo asiyanitsa mwamuna ndi mkazi: mkazi ali ndi X awiri, mwamuna ali ndi X mmodzi ndi Y mmodzi. Mwana wamwamuna alandira Y kwa atate wache, ndi X kwa amache, nthawi zonse. Tsono taonani: munthu wa makasu awiri, mpini wa limodzi ukang'aluka, atenga linzache nalimabe, koma wa khasu limodzi, likang'aluka, munda waima. Momwemo mtsikana wolandira X yobvutayo ali ndi inzache yomthandiza, ndipo ngakhale atsikana ena achedwa ndithu, ambiri nthendayi iwapepukira. Koma mnyamata alibe pogwira pena.

Woyamba kuona chizindikiro ndi maso ndiye Herbert Lubs wa ku Yale, m'dziko la America, m'chaka cha 1969. Poyang'ana mwazi wa amuna 4 a banja limodzi m'galasi lokuza tinthu, lotchedwa maikulosikopu, anaona kuti X yao inali yoning'a pafupi ndi nsonga, monga ndodo yofuna kuthyoka. Ndimo munachokera dzina lija la X yosalimba. Koma ena pofuna kuona chomwecho analephera, ndipo zaka 8 zinapita anthu akukayika. Akuru anati, kuona maso a nkhono nkudekha. Wodekhayo anali Grant Sutherland wa ku Australia, amene m'chaka cha 1977 anaonetsa kuti kuning'ako kuoneka pokhapo maselo aleredwa m'madzi ochepa folic acid. Madzi amene nyumba zambiri zoyesera zinagwiritsa ntchito masiku amenewo anali nayo yochuluka, nabisa chizindikirocho. Pano wina angasokere, pakuti folic acid ndiyo ili m'mapilitsi amene amai apakati alandira ku sikelo. Kusowa kwache sindiko kudzetsa nthendayi, ndipo pamene madotolo anaiyesa monga mankhwala siinachiza; amai apakati aimwa pa zifukwa zina zabwino, ndipo asaleke. M'chaka cha 1981 madotolo ena anafunafuna otsala a banja lija la Martin ndi Bell, nawapima, napeza X yoning'ayo mwa iwonso. Motero mbiri ziwiri zinakomana, nikhala imodzi.

Linatsala funso la agogo awiri aja. M'chaka cha 1985 Stephanie Sherman ndi anzache, atawerenga mibadwo ya mabanja ambiri, anaonetsa chodabwitsa: nthendayi ikula potsika mibadwo, kotero kuti adzukulu a munthu wonyamula mbeu yache ali pangozi koposa abale ache a munthuyo. Yankho linadza m'chaka cha 1991, pamene magulu a anthu ofufuza ku Rotterdam, Houston ndi Atlanta, ndi enanso ku Strasbourg ndi Adelaide, anapeza malo enieni pa X, nalipatsa langizo la pamenepo dzina la FMR1. Ndifanizira ndi za m'kalasi. Pa chiyambi cha langizoli pali liu la zilembo zitatu, CGG, lolembedwa mobwerezabwereza. Mwa anthu ambiri libwerezedwa kosafika 45. Mwa ena libwerezedwa 55 kufikira 200. Amenewa ndiwo onyamula, ndipo nzeru zao kawirikawiri nzabwino. Koma mzere wautali wotere suli wokhazikika: monga mwana wokopera pa bolodi ataya malo nalemba liu limodzi kambiri, momwemo pamene mai wonyamula apatsira X kwa mwana wache, mzerewo ukhoza kutalika. Ukapitirira 200, thupi limata malo onsewo monga munthu amata nkhokwe ndi dothi, ndipo langizolo siliwerengekanso. Pamenepo puloteni yotchedwa FMRP siipangidwa. Ndiyo imene ilongosola mfundo zimene mitsempha ya ubongo ikomanirapo, m'mene kuphunzira kukhazikika.

Tsono tibwere nazo kwathu. Mai wonyamula, pa mimba ili yonse, akhoza kupatsira X yobvutayo kapena inzache yabwino, monga ndalama yoponyedwa m'mwamba igwa mbali iyi kapena iyo. Nchifukwa chache mwana wina akhala wochenjera ndi mng'ono wache wochedwa, mimba imodzi. Mwamuna wonyamula sapatsira mwana wache wamwamuna konse, popeza ampatsa Y; koma ana ache aakazi onse alandira X yacheyo, ndipo mwa iwo mzere uja ukhoza kutalika pobala iwonso. Ndiwo agogo awiri aja a Martin ndi Bell. Ku England, kumene akazi akwatiwa nabalalika ndi maina a amuna ao, anyamata otere aoneka ngati a mabanja osiyana. Koma kuno kwa Amang'anja ndi Alomwe, kumene chikamwini chisunga akazi a mimba imodzi pa mudzi umodzi, anyamatawo akulira pa bwalo limodzi, ndipo ali yense wopita m'njira awaona. M'menemo ndimo mubadwira nkhani ya ufiti. Koma chimene anthu aona ndi mwambo wa ukwati wathu wokomana ndi malamulo a chibadwa, si china ai.

Ndipo mwamuna wina asatenge mau awa kukhala chikwapu cha mkazi wache, nati, "Wamva, nthendayi nja kwanu." Mkaziyo sanasankhe kanthu, anachilandira osadziwa, kapena kwa amache, kapena kwa atate wache, amene anali mkamwini wochokera kwina monga iwe. Ndipo iwe wolankhulawe, udziwa bwanji chimene wapatsira ana ako aakazi? Onyamula nawonso ali ndi mabvuto ao ofuna chifundo: mwa akazi onyamula, mmodzi pa 5 aleka kusamba asanafike zaka 40, ndipo m'chaka cha 2001 Randi Hagerman ndi anzache ku America analongosola kunjenjemera kwa manja ndi kudzandira kumene kugwira amuna ena onyamula atapitirira zaka 50.

Panali nthawi imene ena anayesa kuti nthendayi nja azungu okha, chifukwa kwao ndiko inayamba kulembedwa. M'zaka zotsiriza za m'ma 1990, ku Johannesburg, Trefor Jenkins, Amanda Krause ndi anzao a ku University of the Witwatersrand anapima mwazi wa amuna akuda ochedwa nzeru, napeza kuti ilipo ndithu pakati pao, inangosowa woifuna. Ndipo m'chaka cha 2020 Karen Kengne Kamga, Ambroise Wonkam ndi anzao analemba za banja lalikuru lachifumu m'mudzi wina wa ku Cameroon, m'mene anaitsata mibadwo ingapo. Anthu a kumeneko anali ndi kumasulira kwao, kuti banjalo linatembereredwa. Kutali konseko, mau ndi omwewo amene timva pa mabwalo athu.

Nanga mwana wamwamuna wobadwa nayo akula motani m'zaka zache zoyamba? Pobadwa aoneka monga ana onse, ndipo azamba sapeza chodandaulitsa. M'miyezi yoyamba ena ali ndi thupi lofewa, khosi lichedwa kulimba, abvutika kuyamwa, nabwezabweza mkaka. Achedwa kukhala ndi kukwawa. Ambiri ayenda atapitirira chaka ndi theka. Mau oyamba adza pafupi zaka 2 kapena pambuyo pache, ndi ena afika zaka 3 asanatchule kanthu. Kulankhula kukadza, kuli kothamanga ndi kobwereza mau amodzimodzi. Makutu atuluka mafinya kawirikawiri, ndipo ichi chionjeza kuchedwa kwa mau, pakuti mwana wosamva bwino salankhula bwino. Mwa anyamata 10 otere, 1 kapena 2 agwa khunyu. Ambiri sakhazikika malo amodzi. Phokoso la pamsika kapena khamu la pamaliro liwasautsa, ndipo akasautsika akupiza manja kapena kudziluma pa dzanja. Nkhope yaitali ndi makutu aakuru, zimene mabuku a madotolo atchula, zioneka bwino mwana atakula. Pa ukhanda sizithandiza kwambiri.

Chizindikiro china chiyenera ife makamaka kuchisamalira. Mnyamata wotere akonda anthu, koma maso a munthu amlemera. Pompatsa moni atambasula dzanja, nkhope atapotolera kumbali. Kwa azungu ichi chidabwitsa msanga. Koma kwathu mwana woweramitsa maso pamaso pa akuru timtama kuti ngwaulemu, ndipo mwana wochedwa kulankhula timnenera kuti anyamata atero. Motero zaka zipita. Ngakhale ku America, kumene madotolo achuluka, Don Bailey ndi anzache anapeza m'chaka cha 2009 kuti anyamata otere anadziwika ali ndi zaka ngati 3, pamene makolo anayamba kudandaula mwana ali wa chaka chimodzi.

Bailey yemweyo, ali ku Chapel Hill m'dziko la North Carolina, anatulutsa m'chaka cha 1998 zimene anaona potsata anyamata 46 a zaka 2 kufikira 6, kuwapima kawirikawiri pamene anali kukula. Anapeza kuti liwiro la makulidwe ao linali ngati theka la ana ena: chimene mnzao apindula pa miyezi 6, iwo apindula pa chaka. Mau awa ali ndi mbali yowawa, pakuti mpata pakati pa mwanayo ndi anzache ukulirakulira. Koma ali ndi mbali yotonthoza, imene ndifuna amai aigwiritse: anyamatawo sanaime. Anapitirira kuphunzira chaka ndi chaka, yense pa liwiro lache. Ndipo ali nazo mphamvu zao: atsanza bwino zimene aona, akumbukira nkhope ndi njira, akonda nthabwala, ndipo ntchito imene aizolowera aigwira mokhulupirika.

Mankhwala ochiza nthendayi sanapezeke kufikira lero, ngakhale ambiri anayesedwa. Chifukwa chache munthu asataye mbuzi ndi malipiro a ku tiyi kwa wolonjeza kuichotsa ndi mphini. Kuitsimikiza kufuna kupima mwazi m'nyumba zoyesera za makina apadera, monga za ku Johannesburg. Koma kuthandiza mwana sikulindira dzina la nthenda. M'chaka cha 2010 Melissa Gladstone ndi anzache a ku College of Medicine ku Blantyre anatulutsa muyeso wa makulidwe a ana wopangidwira ana a Malawi, wotchedwa MDAT, atauyesa pa ana 1,426 a m'midzi. Uli ndi zoyesa 136 m'magawo 4: kulimba kwa thupi ndi kuyenda, ntchito za manja, kulankhula, ndi kukhala ndi anthu. Muyesowu sunena kuti nthenda ndi yakuti, koma uonetsa ngati mwana watsalira, ndi pamene watsalira. Ku Nguludi, m'dziko la Chiradzulu, sukulu ya Montfort iphunzitsa aphunzitsi a ana osaona, osamva ndi ochedwa kuphunzira. Ndipo m'chaka cha 2012 nyumba ya malamulo ya Malawi inakhazika lamulo loletsa kusala olumala pa maphunziro ndi pa chipatala.

Mmera mpoyamba. Mai wopita ku sikelo asangoyang'ana kulemera kwa mwana; anene kwa namwino kuti mwanayu wafika chaka ndi theka osayenda, kapena zaka 2 osatchula liu, ndipo anenenso ngati alipo ena otere ku chikazi. Makutu otuluka mafinya achizidwe msanga. Khunyu ili ndi mankhwala ku chipatala, ndipo siipatsirana. Pakhomo, lankhulani naye mau ochepa ndi omveka, mukumuonetsa chinthucho. Musamkakamize kukuyang'anani m'maso. Khalani pambali pache, monga akhalira anthu potongola chimanga, ndipo adzamva koposa. Muonetseni ntchito yonse yathunthu kuti atsanze, pakuti malangizo ambiri otsatana amtayika. Tsiku likhale ndi dongosolo lache losasinthasintha, ndipo mukafuna kupita naye ku khamu, mumuuziretu. Mumtumize ku mkombaphala pamodzi ndi anzache, pakuti ana aphunzira kwa ana. Agogo amene atsala naye pamene amache ali ku munda wa tiyi auzidwe zonsezi, popeza iwo ndiwo aphunzitsi ache oyamba.

Taona kuti kuyambira 1943 kufikira 1991 anthu a maiko ambiri, wina kulandira pamene mnzache anasiyira, anatsata chinthu ichi kufikira pa zilembo zitatu. Ndipo pa ulendo wonsewo sanapezepo mfiti, kapena mai wochimwa, kapena temberero. Anapeza liu lobwerezedwa, limene palibe munthu analilemba dala. Chifukwa chache ndipempha inu eni mbumba, inu ankhoswe, ndi inu akuru a mpingo amene milandu yotere ifika kwa inu: mlandu wopanda wopalamula musaugamule. Nthawi imene mukadataya pa bwalo, muipereke kwa mwanayo, ndi kwa amache, amene asenza katundu wolemera kale. Ndipo mai uja akafikanso pa khomo la sukulu ndi mnyamata wache wa nkhope yopotolera kumbali, ife aphunzitsi tisamuuze kuti abwere naye akadzayamba kulankhula. Timpezere malo kutsogolo, kutali ndi zenera ndi phokoso, tiyambe naye pamene ali.